Kugula chilumba chathunthu chifukwa cha kambalame: nzeru kapena kusowa chochita ndi ndalama?

Chitedze
Anzanga pagulu pano, ndithandizeni kumvetsa. Ku Seychelles, dziko la zilumba m'nyanja ya Indian Ocean, kuli kachilumba kotchedwa Cousin. Mu 1968 bungwe la azungu okonda mbalame linagula chilumba chonsecho, n'kusiyitsa ulimi wa kokonati umene unkachitika pamenepo, chifukwa cha kambalame kotchedwa Seychelles warbler. Chithunzi chake ndachiona. Kukongola kulibe: n'kotuwa mobiriwirako, kochepa thupi, ngakhale nthenga imodzi yofiira kalibe. Akuti panthawiyo mbalamezi zinali zitatsala 26 zokha padziko lonse. Chabwino, n'zachisoni. Koma mundiuze, munda woti ukudyetsa anthu mpaka kuuleka kuti ukhale tchire, chifukwa cha kanthu kosadyedwa, kosagulitsidwa, koti ngakhale katatha palibe amene angagone ndi njala? Ine ndikuona ngati ndi masewera a anthu okhuta. Amene akudziwa bwino nkhaniyi andiwongole, koma asabwere ndi zoti "chilengedwe n'chofunika" basi. Zimenezo tinazimva kale kusukulu.

WakuJoni
Mwati kosadyedwa? Ndani anakalawa n'kunena kuti sikadyedwa? Mundipatse legeni ndi tikiti ya ndege ndikakufufuzireni.

Nantchengwa
A WakuJoni, kambalameko kamalemera magalamu 15 kapena 16. Mukasosola nthenga mutsala ndi chiyani? Ndipo a Chitedze, zoti si kokongola ndikukana. Maso okha ndi amene mwagwiritsa ntchito. Kamaimba mokoma zedi, ngati munthu akuimba likhweru. Timba sachepa ndi mazira ake.

MphunzitsiWopuma
A Chitedze, funso lanu ndi lomveka, ndipo ndiyankha mopanda nyimbo ya kusukulu ija.

Tiyambe ndi kukula kwa malowo, chifukwa mawu oti "chilumba chathunthu" akuopseza. Cousin ndi mahekitala pafupifupi 30, ndipo ali pamtunda wa makilomita awiri kuchokera ku chilumba chachikulu cha Praslin. Si dziko limene analanda ayi. Anagula kwa mwini wake, ndipo ogulawo anali bungwe la International Council for Bird Preservation, lomwe masiku ano tikulidziwa kuti BirdLife International. Nthawi imeneyo Seychelles anali akadali m'manja mwa Angerezi, ufulu anaulandira mu 1976.

Tsono chinachitika n'chiyani kuti mbalamezi zitsale zochepa chonchi? Palibe amene ankazisaka. Zimadya tizilombo tokhala kunsi kwa masamba a mitengo yachilengedwe ya kumeneko. Eni minda atagwetsa nkhalango n'kudzala kokonati, ankalambulanso pansi ponse kuti asamavutike potola zipatso. Chakudya cha mbalamezi chinathera pomwepo. Zotsalazo zinabisala m'kachigawo kakang'ono ka mitengo ya mangrove, ija yomera m'madzi amchere, chifukwa m'menemo munalibe woti n'kudzalamo kokonati.

Chimene ine chimandigwira mtima n'chakuti ogulawo sanamange makola, sanayambe kuziweta, sanazipatse chakudya m'mbale. Anangoleka kulambula, n'kumazula tiana ta kokonati kuti mitengo yachilengedwe ibwerere. Nkhalango itabwerera, mbalame zinachulukana zokha. Pofika m'zaka za m'ma 1980 zinali zitapitirira 300, ndipo chilumba chinadzaza. Lero zili pa zilumba zisanu, zonse pamodzi zikuposa 3,000, moti mu 2015 bungwe la IUCN, limene limalemba mndandanda wa zamoyo zimene zingathe padziko, linazichotsa m'gulu la zamoyo zimene zili pachiopsezo cha kutha, n'kuziika m'gulu longofunika kuliyang'anira. Mukafufuza mbalame zina za pazilumba zimene zinatsikapo kufika pa 26, mupeza kuti zambiri nkhani yake inathera m'mabotolo a kumyuziyamu.

Chitedze
Zikomo aphunzitsi, koma mwalumpha pamene pali mtima wa funso langa. Mbalame zachuluka, ndamva. Nanga anthu amene ankagwira ntchito m'mundamo? Mwini munda analandira ndalama zake n'kumapita. Wotola kokonati uja analandira chiyani? Nthawi zonse nkhani zoterezi zimawerenga mbalame mpaka imodziimodzi, koma anthu sawerengedwa.

Tsokonombwe
Apa ndiye a Chitedze mwalasa. Ndipo tizikumbukira kuti otola kokonatiwo anali ndani. Seychelles kunalibe anthu mpaka Afalansa anakhazikikako mu 1770, n'kubweretsa akapolo ochokera ku Africa kuno ndi ku Madagascar. Ukapolo utathetsedwa, kuyambira mu 1861 zombo za nkhondo za Angerezi zinkagwira ngalawa za ogulitsa akapolo panyanja, n'kukatsitsa anthu opulumutsidwawo ku Seychelles, komwe ankawagawa m'minda kuti azigwira ntchito. Ngalawa zimenezo zinkanyamula anthu ku Kilwa ndi ku Zanzibar, ndipo tonse tikudziwa kuti njira ya a Jumbe yochokera ku Nkhotakota inkathera ku Kilwa komweko. Ndiye tikamakamba za anthu a m'minda ya kokonati ija, tisamakambe ngati ndi alendo otalikira nafe.

MphunzitsiWopuma
A Tsokonombwe mwanena zoona, ndipo mbiri imeneyo ikundithandiza ine kuposa a Chitedze. Munda wa kokonati wa nthawi ya atsamunda sunali munda wa banja wodyetsa ana. Unali esiteti: phindu kwa mwini, malipiro ochepa kwa antchito. Komanso malonda a kokonati wouma woyengera mafuta anali atayamba kale kulowa pansi. Bwalo la ndege la pa Mahé, chilumba chachikulu cha dzikolo, litatsegulidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, chuma cha dzikolo chinatembenukira ku zokopa alendo ndi usodzi, ndipo minda yambiri ya kokonati inangosiyidwa popanda mbalame iliyonse yoipulumutsa. Kusiyana kwake n'kwakuti Cousin anapeza ntchito ina. Kuyambira mu 1998 akuyendetsa chilumbachi ndi bungwe la eni dziko, Nature Seychelles. Alonda ndi operekeza alendo ndi ana a komweko, ndipo alendo amalipira kuti aponde pamenepo. Eni maboti a ku Praslin nawo amadyerapo powanyamula.

Chitedze
Ndiye kuti zinawayendera mwamwayi. Mu 1968 sankadziwa kuti kudzabwera ndege zodzaza alendo. Anagulira mbalame, osati alonda a mu 1998. Musawaveke nzeru zimene analibe.

WakuJoni
Aphunzitsi apatsidwa homuweki.

Kadziwotche
Ndilowereko pang'ono, akuluakulu. Ine ndikuphunzira sayansi ya zamoyo, ndipo kambalame kameneka timakumana nako m'mabuku chaka chilichonse, osati chifukwa cha kupulumuka kwake kokha. Chilumba chitadzaza m'pamene nkhani yeniyeni inayambira.

Banja lililonse la mbalamezi limakhala ndi dera lake, ndipo limaliteteza chaka chonse. Pa Cousin madera onse atatengedwa, mwana akakula ankasowa kopita. Ndiye ana ena, makamaka aakazi, ankangokhala pakhomo pa makolo n'kumathandiza kufungatira dzira ndi kudyetsa mng'ono wawo. Ndati dzira chifukwa nthawi zambiri zimaikira limodzi lokha, ndipo mwana akatuluka m'chisa amadyetsedwabe mpaka miyezi itatu. Kwa kambalame kochepa chonchi imeneyo ndi nthawi yaitali kwambiri.

Wofufuza wina wa ku Netherlands, Jan Komdeur, anayamba kuzitsata mu 1985. Mbalame iliyonse amaiveka mphete pamiyendo, yachitsulo imodzi ndi zamitundumitundu zitatu, kuti aziizindikira patali. Poti chilumba n'chaching'ono ndipo mbalame sizichokapo, amadziwa pafupifupi iliyonse kuyambira kuswedwa mpaka kufa, mayi wake ndani, agogo ake ndani. Malo oti mungachite zimenezi ndi mbalame zakutchire ndi ochepa padziko.

Chimene anapeza n'kulengeza mu 1997 n'chimene chinadabwitsa anthu. Mabanja okhala m'madera osowa tizilombo ankaswa ana aamuna ambiri, 77 pa 100 alionse. Mabanja a m'madera a chakudya chambiri, amene analibe wothandiza, ankaswa aamuna 13 okha pa 100, ena onsewo aakazi. Chifukwa chake n'chomveka mukachiganizira: mwana wamkazi amakhala pakhomo. Ngati chakudya chilipo, ndi mthandizi. Ngati chakudya n'chochepa, ndi pakamwa powonjezera, ndiye bola wamwamuna woti akakula achoke.

Nachisale_wa_ku_Dedza
Iii, koma ndiye ndi Achewa enieni mbalame zimenezi! Mwana wamkazi pakhomo pa mayi ake, wamwamuna akaone kwina. Chikamwini chinawoloka nyanja. Mwana wanga Kadziwotche, uwauze azibambo a pagulu pano kuti ngakhale mbalame zikudziwa amene amagwira mudzi.

WakuJoni
Mayi, mwamva mbali imodzi. Wati kukakhala njala amafuna ife. Pamavuto m'pamene mumatikumbukira.

Nachisale_wa_ku_Dedza
Amakufunani kuti muchoke, achimwene. Werenganinso bwino.

Tsokonombwe
Nthabwala pambali, ine izi zikundivuta kukhulupirira. Mbalame ingasankhe bwanji kuti dzira ili likhale lamkazi? Mwina ana aakazi amangofa ali m'dzira kumadera a njala, ndiye owerengawo n'kumaona ngati mayi wasankha. Azungu akafuna nkhani yokoma amaipeza.

Kadziwotche
A Tsokonombwe, funso limenelo ofufuza anzake anamufunsanso, ndipo ndi funso labwino. Mayankho alipo awiri.

Loyamba, kwa mbalame zinthu n'zotembenuka poyerekeza ndi anthu. Kwa ife mbewu ya bambo ndi imene imapangitsa mwana kukhala wamwamuna kapena wamkazi. Kwa mbalame ndi dzira la mayi. Ndiye mpata woti thupi la mayi lipendeketse zinthu ulipo dzira lisanaikiridwe n'komwe. Sikuti kambalameko kamakhala pansi n'kuganiza. Ndi thupi limene limayankha malinga ndi mmene zinthu zilili pamalopo. Ndipo poti dzira limakhala limodzi, n'zosavuta kuona ngati lafa kapena laswa. Mazira ofa sanali ochuluka moti n'kufotokoza kusiyana kwakukulu chonchija.

Lachiwiri ndi limene limanditsimikizira ine. Pamene ankasamutsa mbalame kupita ku zilumba zina, mabanja ena ochokera m'madera osauka anakapeza madera a chakudya chambiri. Mabanja omwewo, amene ankaswa aamuna, anatembenuka n'kuyamba kuswa aakazi. Komanso banja la m'dera labwino likakhala kale ndi othandiza awiri kapena kuposa, limabwerera ku ana aamuna, chifukwa othandiza akachuluka amayamba kulimbirana chakudya ndipo phindu limasanduka chipsinjo.

China chimene kusamutsako kunaonetsa: pa chilumba chatsopano, malo ali mbwee, palibe mwana amene ankakhala pakhomo kuthandiza. Aliyense ankakatenga dera lake n'kuyamba banja. Kuthandizana kunayambiranso madera abwino atatha.

Nachisale_wa_ku_Dedza
Apo ndiye wandikhumudwitsa. Ndimayesa ndi chikondi, kani n'kusowa malo?

Kadziwotche
Zonse ziwiri zimayendera limodzi, mayi. Ndikusangalatseni ndi ichi: mu 2007 ofufuza a gulu lomwelo, motsogozedwa ndi David Richardson, analemba kuti zazikazi zina zokalamba zikalandidwa udindo wobereka sizichoka, zimatsala n'kumathandiza kulera zidzukulu. Kwa mbalame zimenezi n'zosowa kwambiri. Zina zimakhala ndi moyo mpaka zaka 17, ngakhale zambiri zimathera pa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi.

Koma kuti a WakuJoni asapite manja ali m'khosi: atayeza magazi anapeza kuti ana pafupifupi 40 pa 100 alionse bambo wawo si mwini dera amene akuwadyetsayo. Ndi tambala wa dera lina.

WakuJoni
Basi. Ndatseka foni. Ife tili kuno kutumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, inu mukubwera ndi masamu amenewa usiku uno?

Mlonda_wa_Gulu
Abale, tisafike poyezana magazi pano. Tibwerere ku mbalame. Amene ali ndi nkhani za m'banja akudziwa kumene kuli gulu lake.

Mbalule
Funso langa ndi laling'ono. Mukuti chilumba chinadzaza, ana n'kumasowa kopita, mpaka anthu kuchita kuzinyamula. Kodi si mbalame? Mapiko ilibe? Aphunzitsi ati Praslin ali pa makilomita awiri okha. Bwanji osangouluka?

Nantchengwa
Achimwene a Mbalule, funso lanulo ndi limene limandisowetsa tulo ine. Mapiko zili nawo abwinobwino. Ofufuza anayeza mapiko ndi minofu ya pachifuwa, n'kupeza kuti sizisiyana ndi abale ake amene amauluka maulendo ataliatali. Abale akewo timawaona konkuno. Timbalame totchedwa marsh warbler, sedge warbler ndi great reed warbler timaswana ku Ulaya ndi ku Asia, ndipo dzinja likafika timapezeka m'mabango ndi m'zitsamba za ku Malawi ndi ku Zambia. Kanthu kochepa chonchija kamadutsa nyanja ndi chipululu. Koma mbale wake wa pa Cousin kuwoloka madzi a makilomita awiri amakana. Pa mbalame pafupifupi 2,000 zimene anaziveka mphete m'zaka zoyambirira za kafukufukuyu, ziwiri zokha ndi zimene zinapezeka zitawoloka kupita chilumba china. Zimalolera kufa zisanaberekepo kusiyana n'kuyesa.

N'chifukwa chake anthu anachita kuzinyamula. Mu 1988 anatenga 29 kupita nazo ku Aride, chilumba chimene Christopher Cadbury wa banja lopanga chokoleti lija anagula mu 1973 kuti chitetezedwe. Mu 1990 zina 29 zinapita ku Cousine, chilumba china choyandikana ndi Cousin. Mu 2004 anasamutsa 58 kupita ku Denis, ndipo mu 2011 zina 59 ku Frégate, ulendo umenewu pa helikopita. Amazigwira ndi ukonde, kuziika m'timabokosi, n'kukazimasula msangamsanga zisanafooke. Ku Aride zinachulukana kwambiri moti lero zochuluka zili kumeneko, osati pa Cousin pamene zinachokera.

Tsokonombwe
Ndiye mukuona? Mbalame ya mapiko abwino, yokana kuuluka, mpaka kuikwezera helikopita imene ine sindinakwerepo. Ngati chamoyo chikukana kudzithandiza, si chilengedwe chomwecho chikunena kuti nthawi yake yatha? Zamoyo zakhala zikutha kuyambira kalekale anthu asanabwere.

MphunzitsiWopuma
Ayi a Tsokonombwe, pamenepo sindikuvomerezani. Kukana kuwoloka madziko kunali nzeru kwa zaka zikwizikwi. Mbalame ya pachilumba chapakati pa nyanja ikakhala yokonda kuyendayenda, mphepo imaitenga n'kukaitaya m'madzi. Zimene zinkatsala n'kubereka ndi zokhazikika. Chinasintha si mbalame, ndi zilumbazo, ndipo anazisintha ndi anthu m'zaka zosakwana 200.

Tinene kuti ikanauluka kupita ku Praslin monga a Mbalule akufunira. Ikanakapeza chiyani? Makoswe ndi amphaka. Chinsinsi chachikulu cha Cousin n'chimenechi: makoswe sanakhazikikepo. Zombo zinawatsitsa pafupifupi pa zilumba zonse zazikulu, koma pamenepa ayi. Mbalame yoikira dzira limodzi singalimbane ndi khoswe wokwera mitengo usiku. Adani ake akale ikuwadziwa: kuli abuluzi, kulinso kambalame kena kotchedwa Seychelles fody kamene kamaswa mazira a anzake, ndipo tambala amalondera chisa mkazi akapita kukadya. Koma khoswe ndi mlendo, njira yomuthawira sizinaiphunzire. N'chifukwa chake ku Denis ndi ku Frégate anayamba apha makoswe onse, kenako n'kubweretsa mbalame.

Mukafuna kuona mmene zimathera pakapanda wogula chilumba, m'dziko lomwelo la Seychelles muli chitsanzo. Pa chilumba cha Aldabra panali kambalame kena, Aldabra brush warbler. Asayansi anakatulukira mu 1967, ndipo kanaonedwa komaliza mu 1983. Zaka 16 basi kuchokera podziwika mpaka kutha, pachilumba chokhala ndi makoswe, amphaka ndi mbuzi zobwera ndi anthu. Ku New Zealand, pa Stephens Island, panali kena kosauluka n'komwe. Mu 1894 anayatsa nsanja younikira zombo pamenepo, ogwira ntchito anabwera ndi amphaka, ndipo pofika 1895 kanali katatha. Anthu amakonda kunena kuti anakamaliza ndi mphaka mmodzi wa mlonda wa nsanjayo, koma amphaka anali ataswana kale n'kulowa m'tchire.

Mai_a_Nkhuku
Za amphaka musandiuze. Ine makoswe atandivuta m'khola ndinakatenga mphaka kwa mnansi. Makoswe anachepadi, koma anapiye nawo anayamba kusowa mmodzimmodzi. Ndinkanamizira mphamba mpaka tsiku lina ndinamupeza mwiniwake ali ndi nthenga kukamwa, akundiyang'ana ngati palibe chachitika. Khoswe amathawa, mwanapiye sathawa, ndiye mphaka asankha chiyani? Panopa ndimatchera misampha basi.

Nantchengwa
Mayi, zimene munachitazo boma la atsamunda ku Seychelles linachitanso, koma ndi akadzidzi. Cha m'ma 1950 anaitanitsa akadzidzi oyera aja kuchokera ku Africa kuti adye makoswe m'minda ya kokonati. Akadzidziwo atafika anapeza mbalame zoyera za m'nyanja, zotchedwa fairy tern, zitangokhala panthambi usiku osadziwa mantha. Makoswe anawasiya. Mapeto ake boma lomwelo linayamba kulipira aliyense wopha kadzidzi.

WakuJoni
Ndabwerera. Kulipidwa chifukwa chopha kadzidzi? Kwathu tikanachita ulere, ndi mapemphero pamwamba.

Mbalule
Koma mbalame 3,000 zochokera mwa 26, si pachibale zonsezi? Ziweto zikamakwerana pachibale timaona ana ofooka.

Kadziwotche
Ndi pachibale ndithu, a Mbalule. Atayerekeza magazi a zamoyo lero ndi zikopa zakale zosungidwa m'mamyuziyamu, anapeza kuti kusiyanasiyana kwa chibadwa kunachepa. Choopsa chake n'chakuti kukabwera matenda atsopano, zonse zingagwe mofanana. Pa Cousin pali kale mtundu wina wa malungo a mbalame umene umagwira zambiri, ngakhale sizifa nawo mwaunyinji. N'chifukwa china chimene anazimwazira pa zilumba zisanu, ndiponso chimene maulendo awiri omalizawo anatenga pafupifupi 60 m'malo mwa 29, kuti mbewu yopita kumalo atsopano isakhale yopapatiza. Komabe pali zina zinachoka pothina kuposa apa. Mbalame ya black robin ya ku zilumba za Chatham ku New Zealand inatsala zisanu mu 1980, ndipo yaikazi yobereka inali imodzi, ankaitcha Old Blue. Katswiri wosamalira mbalame Don Merton ndi anzake ankatenga mazira ake n'kukaika m'zisa za mbalame za mtundu wina kuti iyo iikirenso. Zonse zimene zilipo lero ndi zidzukulu zake.

Nantchengwa
Ndikufuna ndibwerere kwa a Chitedze, chifukwa akuona ngati izi ndi za anthu okhuta a kutali. Ine ndimaperekeza alendo oona mbalame pa phiri la Zomba. Pali kambalame kotchedwa yellow-throated apalis, kachikasu pakhosi ndi mzere wakuda pachifuwa. Padziko lonse kamapezeka m'nkhalango za pa Zomba, Malosa ndi Mulanje basi. Nkhalango za pamwamba pa mapirizi n'zodukadukana, pakati pake pali minda ndi midzi, ndiye kwa kambalame ka m'nkhalango vuto lake n'lomwelija la pa Cousin: malo ake akatha kalibe kothawira. Nkhalango ya pa phiri la Thyolo, imene inapatsa dzina mbalame ya Thyolo alethe, tonse tinaona mmene inathera.

Mlendo amachoka ku Ulaya kudzafuna kambalame kameneka. Amagona, amadya, amagula zipatso pamsewu wokwera phiri, amandilipira ine. Chaka chatha ndinapita ndi alendo pamalo pamene ndinkakapeza nthawi zonse, n'kupeza zitsa ndi uvuni wa makala ukufuka. Wootchayo sindimuda, nayenso ali ndi ana. Koma thumba lake la makala analigulitsa kamodzi, pamene ine mitengo imeneyo inkandidyetsa chaka ndi chaka.

Chitedze
Achemwali a Nantchengwa, nkhani yanu ndaimva, ndipo ndi yokhayo pano imene yandifika pamtima. Koma taonani zimene mwachita nonsenu. Kuti munditsimikizire, aliyense wathamangira ku ndalama: alendo, maboti, malipiro a alonda. Ndiye kuti mukuvomereza mfundo yanga, kuti mbalame payokha siikwanira, mpaka ibweretse kanthu m'thumba. Ndipo Cousin n'ngosavuta: mwini mmodzi, cheke chimodzi, madzi kuzungulira. Pa Zomba mugula kwa ndani? Anthu okhala m'munsi mwa phiri muwauza kuti aphikire chiyani? Chimene ndatolapo ine n'chakuti njira ya ku Seychelles imagwira pamene palibe anthu ambiri. Kuno ndi nkhani ina.

MphunzitsiWopuma
Zoti kuno ndi nkhani ina ndikuvomera. Zoti tonse tathamangira ku ndalama ndikukana. Munafunsa za antchito, ndinakuyankhani za antchito. Mukadandifunsa maganizo anga, ndikadati amene anagula mu 1968 anachita bwino ngakhale pakadapanda kubwera mlendo ndi mmodzi yemwe. Inu nomwe mwanena kuti za alendo sankazidziwa. Ndipo pogulira kambalame kamodzi anatetezanso zimene sanawerengere: akamba a m'nyanja a mtundu wa hawksbill amene amaikira mazira pagombe la Cousin, mbalame za m'nyanja zikwizikwi zimene zimaswana pamenepo, ndi Seychelles magpie-robin, imene inatsala pa Frégate pokha ndipo ina anaisamutsira pa Cousin m'zaka za m'ma 1990.

Chitedze
Mwayi womwe uja, aphunzitsi.

Tsokonombwe
Ine changa n'chimodzi. Mukuti alendo amabwera ndi maboti. Khoswe mmodzi wa bere atabisala m'boti, zaka zonsezi sizipita m'madzi?

Nantchengwa
Zikhoza kutero, ndipo ku Frégate zinachitikapo: makoswe analowa mu 1995, anawamaliza mu 2000 atawononga ndalama zambiri. N'chifukwa chake pa Cousin boti la alendo silifika pagombe. Limaima pamadzi, alonda n'kubwera ndi kaboti kawo kudzakutengani, ndipo kameneko ndi kokhako kololedwa kugunda mchenga.

WakuJoni
Ndiye legeni yanga ija adzaiona polowa?

Nachisale_wa_ku_Dedza
Adzakusiyani m'boti lalikulu pamodzi ndi makoswe, achimwene.